Zipolopolo zakale za asilikali za .303, ndigule ziti ndisiye ziti?

Kamfuti43 walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete kwa miyezi ingapo koma lero ndati ndifunse chifukwa nkhaniyi yandizunguza mutu. Ndili ndi Lee-Enfield No.4 Mk I ya 1943, mapepala ake onse ali m'malo, inali ya malemu amalume anga nde ndimaikonda kwambiri moti sindikufuna kuiononga chifukwa cha kusadziwa kwanga. Mpaka pano ndakhala ndikugwiritsa ntchito zipolopolo zatsopano zosakira nyama zija za 180 grain, uko ndi kulemera kwa mutu wake, zimalira bwinobwino koma zimandithera msanga m'thumba komanso sizigwirizana kwenikweni ndi manambala a mtunda a pa sight yolozera, ndikaika pa 300 zimakagwera pena.

Tsono wogulitsa wina wa laisensi wapeza zipolopolo zotsala za asilikali zija amati surplus ndipo zilipo za mitundu itatu. Zina zili m'timakatoni, kunsi kwa chigoba kwalembedwa HXP 75. Zina zili m'malamba ansalu zomangidwa zisanuzisanu pa tizitsulo tija, zalembedwa RG 55 ndi nambala 7, primer yake, kachitsulo ka kunsi kwa chigoba koyatsira onga, ndi yaikulu yofiirira ngati kopa. Zachitatu nde zangothiridwa m'chitini chimodzi zosakanikirana, zina zalembedwa K, zina zili ndi Z kumapeto, zina zadetsedwa moti kuwerenga kwake nkovuta, ndipo ndaonamo zingapo zopanda chilembo chilichonse, zangolembedwa 188 pamwamba ndi 78 pansi, kunsonga zapakidwa penti ngati siliva. Mnyamata wothandiza pamenepo akuti zonsezo zilowa chifukwa zonse zili ndi mkombero kunsi. Zam'chitinizo ndi zomwe zikutchipa kwambiri.

Mafunso anga ndi awa, zilembozi munthu amaziwerenga bwanji, nanga akamati corrosive ndiye kuti chani kwenikweni, zimadya mfuti nthawi yomweyo? Komanso chipolopolo cha 1955 chingakhalebe chabwino mpaka lero? Ndithandizeni abale anga ndisanatulutse ndalama.

Gogo_Chigoba walemba:

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanagule, ndipo ndiyambire pa zija za 188 chifukwa mpamene pali ngozi. Zimenezo si .303 ayi. Ndi 7.62x54R, chipolopolo cha ku Russia chomwe chinayamba mu 1891 pamodzi ndi mfuti ya Mosin-Nagant, 188 ndi nambala ya fakitale ya ku Novosibirsk ndipo 78 ndi chaka. Mafakitale a Soviet Union sankalemba maina ankangoika manambala, 17 ndi Barnaul, 60 ndi Frunze, 3 ndi Ulyanovsk, 539 ndi Tula, ku Bulgaria nako mupeza 10. Penti ya siliva ija ikutanthauza mutu wopepuka wokhala ndi chitsulo mkati. Nzoona zonse ziwiri zili ndi mkombero ndipo mitu yake ndi yofanana kunenepa, pafupifupi .311 kapena .312 ya inchi, nchifukwa chake anthu amasokoneza, koma chigoba cha 54R ndi chonenepa komanso chachifupi, mamilimita pafupifupi 54 pamene cha .303 ndi 56 ndi kanthu. Mu mfuti yanu sichilowa bwino ndipo mukaona bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo, ikukana kutseka musamenye ndi chikhatho, tulutsani muone chimene mwaikamo. Mnyamatayo akulankhula zomwe sakuzidziwa, muuzeni mwaulemu azichotse m'chitinimo asanagulitse kwa munthu wina.

Tsopano kawerengedwe. Zilembo za kunsi zija timati headstamp, kawirikawiri zimakuuzani zinthu zitatu, amene anapanga, chaka, ndi mtundu wa chipolopolo. RG ndi Radway Green ya ku England, 55 ndi 1955, 7 ndi Mark 7. Zakale kuposa pamenepo ankalemba VII, anasinthira ku manambala wamba chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri. K ndi Kynoch ya ku Birmingham. Mukapeza R ndi L pakati pali kamuvi ndi Royal Laboratory ya ku Woolwich, GB ndi Greenwood & Batley ya ku Leeds, DAC ndi DI ndi za ku Canada, MF ndi Footscray ku Australia, CAC ndi New Zealand, KF ndi Kirkee ku India, POF ndi Pakistan Ordnance Factories. HXP ndi ya ku Greece.

Mark 7 imeneyi ndi imene mfuti yanu inapangidwira. Inayamba mu 1910, mutu wake ndi wa 174 grain, kunsi ndi kophwatalala, kutsogolo mkati anaikamo kanthu kopepuka monga aluminiyamu, ndipo imatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 2440 pa sekondi. Manambala a pa sight yanu anawerengera chimenechi, nde musadabwe kuti zosakira nyama za 180 grain zikugwera pena, si vuto la mfuti.

Z ija ndi yofunika kuimvetsa. Mark 7 yopanda Z muli cordite, onga wake uli ngati timitengo titalititali tofiirira, mukatsegula chimodzi mudzaona ngati tizingwe towuma. Ikakhala 7Z kapena VIIZ ndiye kuti muli onga wa nitrocellulose wa timibulu. Cordite imatentha kwambiri ndipo imadya poyambira mpaipi msanga kuposa onga winawo, koma apa tikunena za zikwi za zipolopolo osati mabokosi awiri atatu. Palinso 8Z, imeneyo inapangidwira makamaka mfuti ya Vickers kuti izifika patali, mutu wake kumbuyo ndi wosongoka pang'ono, ndipo mipaipi yomwe inadyedwa kale ndi cordite kawirikawiri siigwira bwino, mumangoona pa chandamale mabowo a m'mbali.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chitini chosakanizacho si za 188 zokha. Pa zipolopolo za Britain mtundu wapadera ankausonyeza ndi chilembo patsogolo pa nambala ya Mark, G ndi tracer chomwe chimawala chikamauluka, W ndi choboola zitsulo, B ndi choyatsa moto, Q ndi choyesera mphamvu ya mfuti ku fakitale chomwe chili ndi mphamvu yopitirira dala. Zambiri mwa zimenezi kunsonga zilibe penti iliyonse, zimaoneka ngati wamba, mumazidziwa ndi chilembocho ndi mtundu wa kamzere kozungulira primer, wapepo ndi wamba, wofiira tracer, wobiriwira choboola zitsulo, wabuluu choyatsa moto. Tracer imayatsa tchire nthawi yachilimwe ndipo m'maiko ambiri lamulo sililola munthu wamba kusunga mitundu imeneyi ngakhale ali ndi laisensi ya mfuti. Nde ngati zilembo zadetsedwa moti simungawerenge, mudziwa bwanji chimene mwaika mu mfuti ya amalume anu? Ine chitinicho sindingachikhudze ngakhale atandipatsa ulere.

Nyenyezi_303 walemba:

Gogo anena zonse. Ine mwachidule, tengani HXP zonse zomwe mungakwanitse basi. Si za corrosive, primer yake ndi Boxer nde zigoba mutha kudzadzazanso mukadzayamba zimenezo, mkuwa wake ndi wabwino ndipo ndi zatsopanoko poyerekeza ndi za 1955. Za RG zisiyeni, mudzivutitsirenji kutsuka mfuti ndi madzi otentha pamene zabwino zili pomwepo. Mfuti ya 1943 mpaipi wake simungaupezenso mophweka ukaonongeka.

Mlonda_wa_Mpaipi walemba:

A Nyenyezi pa HXP tikugwirizana koma kuti RG azisiye chifukwa choti ndi corrosive pokhapo nde ndikukana. Mawu amenewa amaopseza anthu kuposa mmene zinthu zilili, wina amaganiza kuti muli asidi amene akusungunula chitsulo pomwe mukuwombera, si choncho. Nkhani ili mu primer. Primer zakale ankaikamo potassium chlorate, ikapsa imasiya potassium chloride, umene ndi mchere, wachibale wa mchere wathu wa m'ndiwo. Mcherewo umamwazika mu mpaipi monse, umakoka chinyezi cha mu mpweya, nde chitsulo chonyowa ndi madzi amchere mukudziwa chimene chimachitika, dzimbiri. Kukakhala chinyezi chambiri usiku umodzi wokha ndi wokwanira kuti muone kufiira. Koma mukachotsa mcherewo tsiku lomwelo palibe chimene chimachitika, mfuti yanuyo a Kamfuti nthawi ya nkhondo inkadya zomwezi tsiku ndi tsiku ndipo asilikali ankathira madzi owira mu mpaipi kudzera pa fanulo, ndi imeneyo yafika mpaka lero.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi apa, amatsuka ndi mafuta okha. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba, pansi pake dzimbiri likupitirira. Ine zinandichitikira zaka za kumbuyoku ndi Mauser yanga, ndinawombera zipolopolo zomwe ndinauzidwa kuti si za corrosive, ndinapukuta ndi mafuta ngati mwa nthawi zonse nkuika mu kabati, patatha sabata ziwiri ndikuyang'ana mu mpaipi muli ngati mwamera ubweya wofiira. Ndinatsuka mmene ndikanathera koma timaenje tinatsala mpaka lero ndipo zimandipweteka mtima nthawi iliyonse ndikayang'anamo chifukwa mpaipi umenewo unali wowala ngati galasi. Kuchokera pamenepo chipolopolo chilichonse cha asilikali chomwe sindikuchidziwa bwino mbiri yake ndimachitenga ngati corrosive, kaya wogulitsa alumbire bwanji.

Katsukidwe kanga ndi aka. Ndikangofika ndimachotsa bolt, mfuti ndimailozetsa pansi, ndimathira madzi otentha kwambiri kuchokera kumbuyo kudzera pa fanulo yokhala ndi kapaipi kuti madzi asalowe m'matabwa, ketulo imodzi yakwana. Ubwino wa madzi owira ndi woti chitsulo chimatentha nde chimadziumitsa chokha. Kenako tinsalu touma mpaka tizituluka toyera, kenako burashi ndi mankhwala otsukira wamba aja ochotsa kopa ndi mwaye, pomaliza mafuta. Nkhope ya bolt ndi kabowo ka firing pin ndimapukutanso ndi kansalu konyowa chifukwa utsi umafikako. Mawa lake ndimayang'ananso, ndi tsiku lachitatu. Ena amakonda mankhwala otsukira mawindo ati chifukwa muli ammonia, koma chomwe chikugwira ntchito mmenemo ndi madziwo basi.

Kwa mfuti ya bolt ngati yanu ntchito yonseyi ndi mphindi khumi ndi zisanu. Zikanakhala mfuti zodzikoka zokha ngati SKS bwenzi ndikunena zina, chifukwa mcherewo umalowanso mu gas tube ndi pa piston, zonsezo uyenera kumasula nkutsuka, ndipo SKS ya ku Yugoslavia ija M59/66 mpaipi wake ulibe chrome mkati nde ukachita ulesi umaonongeka msanga.

Ngati mukufuna kudziwa nokha ngati chipolopolo ndi corrosive pali njira yakale, wodziwa ntchito amachotsa mutu ndi onga nkuphulitsa primer yokha molunjika pa kachitsulo kopalidwa bwino kopanda mafuta, pambali nkuika kena koyesera ndi primer yodziwika kuti ndi yabwino, pakatha masiku awiri atatu dzimbiri limanena lokha. Koma kwa RG 55 musavutike nkuyesa, primer yaikulu yofiirira ija ndi corrosive ndithu.

Fundi_Zitsulo walemba:

Ndawerenga zonse ndipo akulu anzanga afotokoza bwino za zipolopolo, ine ndikufuna ndibwerere ku mfutiyo chifukwa kusankha chipolopolo kumayambira kumeneko. A Kamfuti mwanena kuti mwakhala mukuwombera .303 zatsopano popanda vuto nde zikuoneka kuti yanu sinasinthidwe, koma kwa ena amene akuwerenga, musakhulupirire dzina la mfuti lokha. Mfuti za asilikali zinayenda m'manja ambiri. Ma No.4 ena anawasintha kukhala 7.62x51 NATO, L39A1 ndi L42A1 zinachokera mmenemo. Ishapore 2A1 ya ku India ukaiona patali ili ngati SMLE wamba, Lee-Enfield yakale ija ya .303, koma ndi 7.62x51, umaizindikira ndi magazine yake ya makona. Ma SMLE ena anawaboola kukhala .410. Ma Mauser K98k a ku Israel ambiri ndi 7.62x51 pamene a ku Norway anawasintha kukhala .30-06, onsewo poyamba anali 7.92x57. Ndipo mukaona zilembo DP pa Lee-Enfield imeneyo inali yophunzitsira perete, siyowombera ayi mpaka wodziwa ataiona. Pakakhala chikaiko wokonza mfuti amathira chitsulo chosungunuka msanga mu chamber, momwe chipolopolo chimakhala, nkutulutsa chithunzi chake nkuyeza, ndi ntchito yaing'ono.

Chachiwiri muyezetse headspace, mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pomwe mkombero wa chigoba umakhala. Pa .303 muyezo wa asilikali unali pakati pa .064 ndi .074 ya inchi, ndipo pa No.4 mutu wa bolt umasinthidwa, ili ndi manambala 0, 1, 2, 3, nde ikakhala yotakasuka amangoika mutu wokulirapo. Chamber ya Lee-Enfield anaipanga yotakasuka dala kuti izilandira zipolopolo ngakhale muli matope, chifukwa chake chigoba chimafutukuka ndithu, chatsopano chimapirira koma mkuwa wa zaka 70 womwe wauma ukhoza kung'ambika. Valani magalasi oteteza maso nthawi zonse, makamaka ndi zakalezi.

Tsopano funso lanu loti cha 1955 chingakhale chabwino. Yankho lagona pa kumene chinagona zaka zonsezi osati pa chaka chokha. Onga wopanda utsi umaola pang'onopang'ono kuyambira tsiku lomwe unapangidwa, nchifukwa chake amaikamo mankhwala oukhazika monga diphenylamine kuti azimeza mpweya wa asidi umene ukutuluka. Mankhwalawo akatha kuola kumathamanga, ndipo chomwe chimawamaliza msanga ndi kutentha. Bokosi lomwe linakhala m'nkhokwe yozizira losatsegulidwa likhoza kukhala labwino kuposa la 1980 lomwe linakhala mu kontena ya malata padzuwa. Komanso musaganize kuti onga ukaola umangofooka, nthawi zina umapsa mosalongosoka nkukweza mphamvu kuposa muyezo. Paja asilikali sagulitsa zipolopolo chifukwa chokukondani, zina amagulitsa chifukwa asintha mtundu wa mfuti, zimenezo nde zabwino, koma zina amagulitsa chifukwa zakalamba pa muyezo wawo.

Mukapita kukaona chitani izi. Pemphani atsegule bokosi inu muli pomwepo ndipo mununkhize, fungo lowawa lolasa m'mphuno ngati asidi ndi chizindikiro choipa. Tengani zingapo m'malo osiyanasiyana a bokosi. Kuda kwa mkuwa pakokha si vuto, mkuwa umada ndi zaka, koma zobiriwira zotumphuka ngati ufa makamaka pakhosi pomwe mutu walowera kapena mozungulira primer, zimenezo nthawi zambiri zikuchokera mkati, onga ukudya chigoba. Madontho ofiirira ngati pinki pa mkuwa ndiye kuti zinc yachoka pamenepo ndipo pafooka. Yang'anani ming'alu pakhosi, yendetsani chikhadabo muimva. Mutu usagwedere kapena kulowa mkati mukaukankha ndi chala. Makatoni akhale ouma opanda madontho a madzi kapena kufumbutuka. Ngati wogulitsa alola, wodziwa achotse mitu ya ziwiri zitatu muone onga, ukakhala womatana, wonyowa kapena pali fumbi lofiira ngati dzimbiri kunsi kwa mutu, bokosi lonselo lisiyeni.

Ndipo gulani za lot imodzi. Nambala ya lot imalembedwa pa bokosi, zonse za mmenemo zinapangidwa limodzi nkusungidwa limodzi, nde mukayesa makumi awiri nkupeza zili bwino muli ndi chifukwa chokhulupirira zotsalazo. Pa chitini chosakaniza kuyesa kulibe phindu chifukwa chilichonse chili ndi mbiri yakeyake.

Mai_Chandamale walemba:

Ndiwonjezereko pang'ono poti ulusi uno adzawerenganso a mfuti zina. Chisokonezo cha 7.62 chija ndi chachikulu kuposa mmene tikuganizira, pali 7.62x25 ya Tokarev, 7.62x39 ya SKS ndi AK, 7.62x45 ya ku Czechoslovakia, 7.62x51 NATO, 7.62x54R, ndipo .30-06 ena amailemba 7.62x63. Munthu akangoti ndili ndi 7.62 sananene kanthu, nambala yachiwiriyo ndi imene ikunena kutalika kwa chigoba.

Kwa a 5.56, chipolopolo cha asilikali musaike mu mfuti yolembedwa .223 Remington yokha, kunja zimafanana koma chamber ya 5.56 ili ndi mpata wotalikirapo mutu usanagwire mizere, mu .223 mphamvu imakwera, SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, inachenjeza kalekale za zimenezi. Yang'ananinso kapotokedwe ka mizere, M193 ya 55 grain imayenda bwino mu 1:12, kutanthauza mizere ya mu mpaipi yozungulira kamodzi pa mainchi 12, koma SS109 kapena M855 ya 62 grain ija ya nsonga yobiriwira imafuna 1:9 kapena 1:7, mu 1:12 imapidiguka. Apa mpomwenso muone kuti penti siyodalirika, kubiriwira pa 5.56 ya NATO ndi chipolopolo wamba pamene pa za Soviet kubiriwira ndi tracer. Kamtanda kali mkati mwa kabwalo pa headstamp ndi chizindikiro choti chinapangidwa pa muyezo wa NATO.

A M1 Garand iwo surplus ndi imene imawakomera, M2 Ball ya 150 grain, chifukwa zina zosakira nyama za onga wopsa mochedwa zimakankha op rod, ndodo yoyendetsa bolt, mopitirira mpaka kuipinda. A Mauser akale kwambiri samalani, Gewehr 88 yosasinthidwa mpaipi wake ndi wa .318 pamene 7.92x57 ya asilikali kuyambira 1905 ndi .323.

China chomwe sichinatchulidwe, tengani maginito popita kukagula. Mukagunditsa kunsonga nkumata ndiye kuti muli chitsulo, kaya mkati kaya chikopa chake ndi chitsulo chokutidwa ndi kopa. Malo ambiri owomberako salola zimenezi chifukwa zimaboola zandamale zachitsulo komanso zimathetheka zikamenya mwala nkuyatsa udzu. Funsani kaye kumene mumawomberako musanagule bokosi lonse. Ndipo a Kamfuti ngati mumasakanso nyama, Mark 7 ikhale ya pa chandamale basi, mutu wake sufutukuka ndipo malamulo a usaki m'malo ambiri saulola, zosakira zanu zija musazitaye.

Kamfuti43 walemba:

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mundiyankha mozama chonchi. Ndinapitanso dzulo ndi tochi ndi maginito. Chitini chija ndachisiya ndipo mwini wake nditamuonetsa za 188 anazichotsa pomwepo, anapezamonso ziwiri zolembedwa G zomwe waziika padera. HXP ndi zoyera bwino, makatoni ouma, lot imodzi, ndatenga 40 kaye zoyesera ndipo wavomera kundisungira zina mpaka Loweruka. Za RG lamba mmodzi ali bwino koma wina ali ndi madontho ngati ananyowapo ndipo zitatu mmenemo zili ndi zobiriwira pa primer, fungo lachilendo sindinalimve. Nde ndifunsenso, nditenge lamba wabwinoyo kapena poti zinali bokosi limodzi ndizisiye zonse? Komanso a Nyenyezi anatchula Boxer, kusiyana kwake ndi chani ndi inayo? Mfuti ndaipereka kwa wokonza kuti ayeze headspace, mutu wa bolt walembedwa 1.

Gogo_Chigoba walemba:

Za Boxer ndi zophweka, tengani chigoba chowombera kale muunike mkati ndi tochi. Mukaona bowo limodzi pakati ndi Boxer, mukaona timabowo tiwiri tating'ono m'mbali ndi Berdan. Boxer primer yake imachoka mosavuta ndi kachitsulo kolowa pa bowo lapakatilo nchifukwa chake odzadzanso amaikonda, Berdan ndi ntchito yaikulu ndipo saizi yaikulu ya Britain ija kuipeza nkovuta. Edward Boxer anali wa ku Britain, Hiram Berdan wa ku America, koma zinatembenuka, America inatenga ya Boxer pamene Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya anatenga ya Berdan. Musasokoneze ziwirizi ndi nkhani ya corrosive, pali Berdan zambiri zopanda mchere ndipo .30-06 ya asilikali a America ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ndi Boxer koma corrosive, anasintha chakumayambiriro kwa ma 1950.

Pa RG, a Mlonda akunena zoona kuti mchere si chifukwa chozikanira, koma madzi ndi chifukwa. Lamba wonyowayo ayi. Wabwinoyo ngati mtima ukufuna kumva mmene cordite imalilira mu mfuti ya amalume, ndipo ndikumvetsa chifukwa fungo lake ndi lapadera, tengani lamba mmodzi yekhayo, muyang'ane chimodzichimodzi, ndipo muziwombera modekha chimodzi chimodzi osati mothamanga. Vuto lomwe limabwera kawirikawiri ndi primer zokalamba ndi hangfire, mumakoka trigger imangoti khe kenako pakadutsa kanthawi nkuphulika. Ine ndinakumana nazo ndi zipolopolo zina zakale zomwe ndinapatsidwa m'thumba, china chinachedwa pafupifupi sekondi yathunthu, ndipo chomwe chinandipulumutsa nchoti dzanja linali lisanafike pa bolt. Ikangoti khe osalira, mfuti ikhalebe paphewa yolozera ku chandamale, werengani mpaka 60, kenako tsegulani bolt nkhope mutaitembenuzira kumbali. Chipolopolocho musachibwezeremo, chiperekeni kwa oyang'anira malowo.

Chinanso ndi chija chimalira mofooka, kaphokoso kochepa ndi kukankha kochepa paphewa. Pamenepo imani, chotsani bolt muyang'ane mu mpaipi kuchokera kumbuyo ngati kuwala kukudutsa, chifukwa mutu ukhoza kutsakamira pakati ndipo chotsatiracho ndi chimene chimaphulitsa mpaipi. Mukaona hangfire ziwiri pa lamba mmodzi kapena zigoba zikutuluka zong'ambika pakhosi, lekerani pomwepo.

Pa HXP zanu 40 zija, chigoba chilichonse mukatulutsa muchiyang'ane, primer isatuluke kapena kubooka, pasakhale mzere wowala wozungulira chigoba pamwamba pang'ono pa mkombero, bolt izitseguka mosavuta. Poika mu magazine onetsetsani kuti mkombero wa chapamwamba uli kutsogolo kwa mkombero wa chapansi, apo ayi zimakolana. Zikayenda bwino Loweruka katengeni zotsalazo za lot yomweyo, muzisunge m'bokosi lachitsulo lotseka bwino la labala pachivundikiro, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi, pamalo pozizira pokhoma kutali ndi ana, ndipo mulembe pa bokosipo lot ndi tsiku lomwe mwayesa. Wokonzayo akakuuzani za headspace mubwere mutiuze, ngati ikutseka pa .074 pali mutu wa 2 ndi wa 3 oti ayese.